Mpweya Wogula ku Limbuli

Yoyamba ija ndinaipeza ndi nkhuku ziwiri ndi tayala la njinga,
konsetina ya mabatani makumi awiri,
yopepuka ngati katoni ya sopo.
Yandiphunzitsa zaka zitatu, sindingainyoze.
Koma mvukuto wake tsopano ndi zigamba zokhazokha,
apa chubu, apo pulasitala wa kuchipatala,
ndipo chiperoni chikakuta phiri
imatsokomola pakati pa nyimbo
ngati mlonda wa fakitale ya tiyi m'bandakucha.
Pali mawu atatu amene amalira m'mutu mwanga,
chala chikawafuna chimangogunda thabwa.

Chipereganyu chitandigwera
ndinakulunga ndalama mu sokosi,
n'kuuza Nasitaziya kuti ndikukaona mitengo ya malata.

Ku Limbuli, kuseri kwa ogulitsa chinangwa chouma,
a Namakhwa amakonza mawotchi, mawailesi
ndi chilichonse chimene chinasiya kuyankhula.
Anali nazo zitatu.

Yofiira inali phuliphuli, ikadali m'pepala lake.
Nditaikoka inakuwa ngati hutala ya minibasi yosowa anthu,
mtengo wake fizi ya Elube ya chaka chathunthu.
Ina inachokera ku Joni m'sutikesi ya malemu,
chikopa chenicheni, matabwa osema maluwa.
Ndinadina batani limodzi, m'mimba munazizira.
Atatchula mtengo ndinaibweza ndi manja awiri
monga ubwezera khanda la mwini likayamba kukuzolowera.

Yachitatu anaitulutsa pansi pa tebulo,
yakuda, yosupuka m'makona, mabatani makumi atatu,
chogwirira china chodulidwa ku lamba wa thalauza,
dzina la Jowakimu lolembedwa ndi msomali.
Inawoloka Muloza, anatero, mwini wake anafuna feteleza.

Usayambe waliza, mphwanga.
Igwire mbali imodzi, inayo ilendewere, uwerenge.
Malaya amanama, chifuwa sichinama.
Ndinawerenga. Mvukuto unatambasuka mwaulesi
ngati mphaka wakhuta,
ndinafika khumi ndi zisanu ndi ziwiri usanathe.
Yanga ya kunyumba pa zitatu imakhala itagwa kale.
Ndinanunkhiza m'makwinya: fodya, palafini pang'ono,
nkhungu ayi.
Kenako batani lililonse, pokoka ndi pokankha,
mpaka limodzi la kumanzere linangoti zii.

Ndinasangalala mumtima, ndapeza ponenerera.
Iwo anangoseka, natenga sikuludilaiva ya mawotchi,
natsegula, nachotsa phiko la mphemvu pa kalilime kachitsulo.
Batani linalira. Mtengo sunatsike.

Tinakokana mpaka mthunzi unachoka pa tebulo.
Ndinakhuthula sokosi, ndinawonjeza ya ulendo,
ndinalonjeza zinanazi zisanu zoyamba kupsa.
Anati ubweretsenso yakale ija, ndichotsemo ziwalo.
Pamenepo ndinakana.
Mphunzitsi wako sumupereka kwa wopha mbuzi.

Ndinabwerera wapansi m'mphepete mwa minda ya tiyi,
katundu m'thumba la shuga, dzuwa likulowa,
ndikupenda bodza loti ndikanene za malata.

Usiku pakhonde ndinaitulutsa.
Zala zanga, zodziwa kuthyola masamba awiri ndi kansonga
maso ali kwina,
zinasochera ngati alendo m'mizere yatsopano.
Pomwe panali thabwa pali khomo,
ndipo khomo lililonse likutsegukira kolakwika.
Mawu atatu aja ndinawapeza, inde,
koma nyimbo yonse inabalalika.

Nasitaziya anaima pakhomo ndi nyali,
anayang'ana denga, anayang'ana ine.
Malata ake ndi amenewa?
Komatu yakale ija inkaimba bwino.

Sindinayankhe. Ndinakokanso pang'onopang'ono,
mpweya wa Jowakimu, wa fodya ndi palafini,
ukutuluka wosatsokomola.
M'nyumba, Elube anali atatsitsa kale yakale ija pa msomali,
ndipo ndinamva akufufuza batani loyamba.